Mlatho wa Gologolo ndi Ndodo Yoyezera

Padangokhala, kalelo nyama zikadali ndi maudindo ndi mabuku a malamulo, dziko lidali m'manja mwa Mfumu Yaikulu, Gogo Chalo Mayi Chipembere. Mlembi wawo adali Bambo Khwangwala, amene sankavula kolala yawo yoyera ngakhale posamba, ndipo ndiwo ankawerengera mfumu makalata popeza maso a Gogo Chalo sankaona patali. Kapitawo wa ntchito za m'dzikomo adali Bambo Nyani. Kutsidya kwa mtsinje, kupenyana ndi bwalo la mfumu, kudali sukulu ya zaumisiri ya Mphunzitsi Wamkulu, Bambo Nantchengwa.

Bambo Nantchengwa adali ndi ndodo yoyezera, ya phingo, yovekedwa mkuwa kunsonga. Mwini ndodoyo ndiye adali mwini sukulu, ndipo padalibe chimene chinkamangidwa m'dziko lonselo, kaya nkhokwe, kaya nyumba, kaya mlatho, iye asanayeze ndi kuvomereza. Tsono Bambo Nantchengwa adakalamba, mapiko adayamba kuwaphwanya, ndipo adalengeza kuti ophunzira a chaka chimenecho ndiwo otsiriza. Amene apambane anzake onse adzalandira ndodo pamodzi ndi sukulu.

Sukuluyo idali ya dongosolo, osati zamasiku anozi zoti mwana wafika m'mawa, masana akufuna nyundo. Wophunzira ankayamba ndi kupota chingwe. Akakhoza chingwe ankasema mpando, akakhoza mpando ankamanga makwerero, ndipo akakhoza makwerero ndiye ankaloledwa kuyesa mlatho. Kulumpha kudalibe, chifukwa chilichonse chinkabereka chinzake. Chingwe ndicho chimamanga makwerero, miyendo ya mpando imaphunzitsa nsanamira, ndipo makwerero ukawagoneka pakati pa magombe awiri ndiye kuti mlatho wauyamba kale.

Malamulo adali atatu, olembedwa m'buku limene ankasunga Bambo Khwangwala. Loyamba: wopanga chinthu ayambe ndiye kuchiyesa ndi thupi lake, monga wobwera ndi thobwa amayamba ndiye kulawa. Lachiwiri: chinthu chikathyoka, mwini wake atole zidutswa, aloze pamene chathyokera, anene chifukwa chake, kenaka akaziunjike pamalo pake kuseri kwa sukulu. Lachitatu: wopambana ndi amene mulu wake uchepe koposa. Malamulowa Bambo Nantchengwa adawalandira kwa mphunzitsi wawo, ndipo pa zaka makumi anayi sadasinthepo ngakhale liwu limodzi. Ankanyadira zimenezi.

Ophunzira adabwera ambiri, koma nkhani ino ndi ya awiri. Wina adali Nguluwe, mwana wa alimi, wolemera thupi, wochedwa kuyankha. Wina adali Gologolo, amene adafika atapana pensulo kukhutu, mchira ataupesa bwino.

Tsiku loyamba, malamulo atawerengedwa, Gologolo adakweza dzanja.

"Aphunzitsi, pepani, bwerezaninso lamulo loyambalo."

"Wopanga chinthu achiyese ndi thupi lake."

"Thupi lake la iye mwini?"

"Nanga la yani?"

"Zikomo, aphunzitsi. Ndimangofuna kumvetsa bwino."

Bambo Nantchengwa adauza ena onse kuti atengere chitsanzo mwana ameneyu, amene amamvetsera malamulo.

Idayamba ntchito ya chingwe. Nguluwe adafundula luzi, adaliviika, adapota masiku atatu. Chingwe chake chidali chachikulu ngati mkono. Adachimanga panthambi ya mkuyu, adalendewera, ndipo chidaduka nthawi yomweyo. Nguluwe adagwa chagada, fumbi koboo.

"Chadukira pati?" adafunsa Bambo Nantchengwa. Mphunzitsiyu sankapatsa wophunzira yankho. Funso lake lidali lomwelo chaka ndi chaka.

Nguluwe adatola zidutswa, adazitembenuza kanthawi. "Apa, aphunzitsi."

"Chifukwa?"

"Luzi lonse ndalumikizira pamalo amodzi."

"Kaunjike, uyambenso."

Chachiwiri chidamasuka chokha chifukwa nkhosi zonse adazipotera mbali imodzi ndi chingwe chomwe. Chachitatu chidaperepeseka pa khungwa la nthambi. Chachisanu ndicho chidagwira: nkhosi zitatu, zolumikiza zotalikirana, mfundo yosapulumuka. Nguluwe adalendewera phee, msana uli mabala okhaokha.

Masiku onsewa Gologolo ankangokhala pamthunzi n'kumasongola pensulo. Tsiku lomaliza adazula tiulusi tiwiri ta khonje, adatipota pantchafu nthawi yongokwanira kuotcha chimanga chimodzi, adakwera mkuyu, adamanga, adalendewera. Kachingweko kadagwira. Pomwepo adayamba nyimbo yake akuzendewera uku ndi uku. Nyimboyo idali yaifupi, mzere umodzi woyambitsa, wina wovomera. Inkanena kuti chinthu chimadziwa mwini wake, ndipo amene chamugwetsa asakadandaule kwa mmisiri koma kwa mayi ake amene adamudyetsa mopitirira. Pofika povomera ankakupiza mchira kawiri.

Bambo Nantchengwa adakagwira kachingweko. Kadali ngati ulusi wosokera batani.

"Ichi ndi chingwe?"

"Chandinyamula, aphunzitsi."

"Chingamange mtolo wa nkhuni?"

"Lamulo silinatchule nkhuni, aphunzitsi. Koma ngati lamulo mwalisintha, ndiuzeni. Ine ndine mwana womvera."

Liwu loti kusintha lidawabaya Bambo Nantchengwa.

"Wakhoza."

Idafika ntchito ya mpando. Nguluwe adasema ndi kasemasema, adaboola, adakhomera miyendo. Atakhala, miyendo idatakasuka ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Wachiwiri udang'ambika pakati chifukwa mabowo onse adawandandalika pa mzere umodzi wa thabwa. Wachitatu udapendama. Nthawi iliyonse funso lidali lomwelo, ndipo nthawi iliyonse Nguluwe ankatola, n'kuloza, n'kukaunjika. Pamapeto pake adadziwa kuti miyendo iziima motangadza pang'ono, mabowo azithina, ndipo timitengo topingasa tizigwirizanitsa miyendo m'munsi.

Gologolo adathyola mapesi anayi, adawalumikiza ndi minga ya mthethe monga ana amapangira zidole, adakhalapo atapingasa miyendo, adayimba nyimbo yake. Tsikulo Bambo Nyani ankadutsa ndi antchito awo, ndipo adaima kumvetsera.

"Mwana uyu ali ndi mutu," adatero Kapitawo. "Mwaona? Osatuluka ndi thukuta lomwe. Amisiri a mawa ndi amenewa." Kuyambira tsikulo anyani ankabwera tsiku lililonse loyesa kudzavomera nyimbo ndi kuwomba m'manja.

Gologolo ankakonda kuzungulira kuseri kwa sukulu nthawi imene Nguluwe akutula zidutswa.

"Achimwene, mulu wanu ukukula bwino. Mukuthira manyowa anji?"

Nguluwe ankafunafuna yankho, koma likamafika Gologolo amakhala atapita kale.

Pa ntchito ya makwerero ophunzira ambiri adatsalira. Nguluwe adagwa kanayi. Ulendo wachinayi adagwa kuchokera pamwamba penipeni, dzino lina lidabenthuka, ndipo adadzuka n'kuyamba kumanga katundu wake.

"Ukupita kuti?" adafunsa Bambo Nantchengwa.

"Kumunda, aphunzitsi. Khasu siligwetsa munthu."

"Agogo ako adalira msampha utaning'a, ndipo mpaka lero dziko limawaseka. Tola zidutswa zako. Athyokera pati?"

"Sanathyoke, aphunzitsi. Amangogwedezeka, kenaka apendekera mbali imodzi."

"Ndiye chingawaletse n'chiyani kupendeka?"

Nguluwe adakhala pansi masiku awiri akuyang'ana makwererowo. Tsiku lachitatu adamangirira mtengo mopingasa, kuchokera pangodya ya m'munsi kufika pangodya ya m'mwamba ya mbali inayo. Adakwera mpaka pamwamba, makwerero osagwedezeka ndi pang'ono pomwe. Adakhala pamwambapo mpaka dzuwa lidapendeka, osafuna kutsika.

Makwerero a Gologolo adali a bango. Kunena zoona sadawaponde kwenikweni, pakuti mtundu wake umakwera ngakhale khoma losalala. Adangothamanga, n'kufika pamwamba, n'kuyambitsa nyimbo, anyani n'kuvomera.

Pamenepo Bambo Nantchengwa adamuitanira pambali.

"Mwana iwe, pita ukathyole kanthu."

"Aphunzitsi?"

"Ndati ukapange chinthu chachikulu, chithyoke, uone pamene chathyokera."

"Aphunzitsi, mukundiuza kuti ndilephere? Makolo anga ndikawauze kuti kusukulu andilangiza kuti ndiziononga zipangizo? Ngati lamulo lachitatu lasintha, kuti tsopano wopambana ndi wa mulu waukulu, tiyeni tikawauze Bambo Khwangwala alembe."

"Palibe chasintha."

"Ndimadziwa, aphunzitsi. Inu simusintha. N'chifukwa chake tonse timakulemekezani."

Bambo Nantchengwa adabwerera m'nyumba mwawo mutu uli pansi. Adadziwa bwino lomwe chimene chikuchitika, koma adaona kuti n'kwabwino kupereka ndodo kwa wosayenera kusiyana ndi kumveka kuti mphunzitsi wa zaka makumi anayi pantchito wagonja kwa kamwana ka pensulo kukhutu.

Adatsala awiri okha oyenera kuyesa mlatho. Aliyense adapatsidwa malo ake pamtsinje, kufupi ndi mnzake, ndi miyezi iwiri.

Nguluwe adadula mitengo ya muwanga. Nsanamira zoyamba adazizika pamchenga, ndipo zidamira atangopondapo. Adatola, adaloza, adakaunjika. Zachiwiri adakumba mpaka kupeza thanthwe, adaziimika motangadza ngati miyendo ya mpando wake uja, adapingasa mitengo ngati pa makwerero, adagoneka mitanda, adamanga ndi chingwe choviika kuti pouma chikhwime. Mtanda umodzi udathyokabe chifukwa udali ndi mfundo pakati. Adausintha. Mlathowo udali wakuda, wamakungwa, wosakongola ngati khola.

Gologolo adamanga wake masiku anayi, wa bango ndi timizere ta nsungwi. Masiku ena onsewo adawathera kukongoletsa. Adaupaka laimu, adaluka zogwirira m'mbali, adapachika maluwa kuchipata. Bambo Khwangwala atabwera kudzayendera ntchito m'malo mwa mfumu, adafuna kutera pa chogwirira.

"Bwana Mlembi, musatere! Laimu sanaume, kolala yanu ingathimbirire ndi fumbi lake."

Bambo Khwangwala sadaganize n'komwe kuti laimu ndi kolala zonse n'zoyera. Adazungulira m'mwamba katatu, ndipo adakauza Gogo Chalo kuti mlatho wotere sunaonekepo chiyambire dziko, ndiponso kuti mwini wake ndi mwana waulemu.

Tsiku loyesa dziko lonse lidasonkhana, ena tsidya lino, ena tsidya lija. Gogo Chalo adakhala kumbali ya bwalo lawo. Nguluwe adawoloka pa mlatho wake pang'onopang'ono, akumvetsera mitengo, ndipo adafika. Anthu adawomba m'manja mwaulemu chabe. Gologolo adawoloka pa wake akuvina, adaima pakati, adayambitsa nyimbo, ndipo magombe onse awiri adavomera.

Kenaka akuluakulu adapita kuseri kwa sukulu kukaona miulu. Wa Nguluwe udafika padenga. Pamalo pa Gologolo padali posesa bwino, ndipo adali atadzalapo duwa.

Bambo Nantchengwa adalengeza. "Monga mwa lamulo lachitatu, wapambana ndi Gologolo."

Nthungululu zidamveka. Zitatha, Bambo Khwangwala adatsegula buku tsamba lomaliza.

"Mwambo wopereka ndodo. Mfumu Yaikulu idzapereka ndodo ndi dzanja lake, itaima pakati pa mlatho wa wopambana."

Mchira wa Gologolo udagwa pansi. Tsamba loyamba adaliloweza lonse, koma lomalizali sadapemphepo kuti amuwerengere, poti zaka zonsezo ndodo idali isanaperekedwepo kwa wina. Adayang'ana Gogo Chalo, amene adali atadzuka kale n'kumasasa fumbi. Adayang'ana mabango ake. Nthawi yomweyo adathamanga, adawoloka, adagwada pamaso pa mfumu akuwomba m'manja.

"Gogo Chalo, ine ndine yani kuti mapazi anu ayende kudza kwa ine? Madzi sakwera phiri. Khalani pomwepo, ndilandirire pano."

"Mlembi, buku likuti chiyani?"

"Pakati pa mlatho, Gogo Chalo."

"Wamva. Tiye."

Mfumu idayenda mapazi khumi. Gologolo adathamanga n'kugwadanso kutsogolo.

"Gogo Chalo, pali mwambo wa amisiri. Mlatho watsopano uli ngati khanda, ukadali m'chikuta. Wamkulu saupondapo usanathe mwezi, ungadwale."

"Ndabereka ana asanu ndi mmodzi, za chikuta usandiphunzitse. A Nantchengwa, mwambo umenewu ulipo?"

"Sindinaumvepo, Gogo Chalo."

"Ndiye choka panjira, mwana iwe, dzuwa likundiotcha."

Mfumu idafika pachipata cha maluwa. Phazi lake limodzi lidali lalikulu kuposa mlatho wonse m'mimba mwake, koma maso ake sadaone zimenezo, ndipo amene adaona adaopa kunena. Gologolo adadzigwetsa pansi, misozi ili mbwe.

"Gogo Chalo, ndinene zoona tsopano. Mtima ukundiwawa chifukwa cha achimwene angawa a Nguluwe. Tayamba limodzi, tavutika limodzi. Iwo agwa, abenthuka dzino, ndipo lero abwerera kwawo chimanjamanja. Ine ndodo ndilandira, zindikwanira. Koma ulemu woti mfumu yaponda pa ntchito ya manja awo, umenewo ndikupempha upite kwa iwo. Mwambowu uchitikire pa mlatho wawo, kuti adzakhale ndi chouza zidzukulu."

Amayi ena adayamba kupukuta m'maso. Bambo Nyani adafuula kuti chiyambire ukapitawo wawo sadaonepo kudzichepetsa kotere. Gogo Chalo nawo adakhudzidwa.

"Mlembi, buku likuletsa wopambana kupereka ulemu wake kwa mnzake?"

Bambo Khwangwala adatembenuza masamba onse. "Silikuletsa, Gogo Chalo."

Motero mfumu idakwera pa mlatho wa Nguluwe, pamodzi ndi mlembi, mphunzitsi ndi nduna zinayi. Mlatho sudalire n'komwe. Gogo Chalo adaponda mwamphamvu kawiri kuti amve.

"Ha! Ngati wa wolephera uli chonchi, nanga wa wopambana ndiye uli bwanji?"

Anthu adaseka mokondwa. Bambo Nantchengwa adayang'ana kumadzi. Adapereka ndodo kwa mfumu, mfumu idapereka kwa Gologolo, ndipo Gologolo adaikumbatira ndi manja onse awiri pakuti idamulemera.

Zikadathera pomwepo, bwenzi lero tikunena zina. Koma wochenjera amaiwala kuti omutama ali ndi miyendo. Gologolo atangotsika kugombe, anyani asanu ndi atatu adamunyamula pamapewa, ndodo ili m'manja, Kapitawo ali patsogolo.

"Mmisiri Wamkulu akalowe kusukulu kwake kudzera pa mlatho wake!"

"Ayi, ayi, a Kapitawo! Tidzere winawu, uli pafupi!"

"Mwamumva? Wayambanso kudzichepetsa! Iyayi mphwanga, wapatsa mnzako zokwanira. Tsopano ndi nthawi yako."

"Nditsitseni! Ndikuti nditsitseni! Mmodzimmodzi!"

Mawu ake adamira m'nyimbo, pakuti anyani adali atayambitsa okha, ndipo khamu lonse linkavomera kuti chinthu chimadziwa mwini wake. Adadutsa pachipata cha maluwa akudumpha motsatira kuwomba kwa m'manja. Sadafike ndi pakati pomwe. Pofika pa mzere wonena za amayi odyetsa mopitirira, mlatho udangoti phwa, ndipo onse adapezeka pamiyala, laimu ali m'maso.

Palibe adafa, pakuti madzi adali ochepa. Gologolo adagwera pamimba pa nyani wina ndipo sadakalike n'komwe. Koma mchira wa Bambo Nyani udathyoka chapatsinde, ndipo ndodo idamira m'matope. Nguluwe adatsikira mumtsinje, adafukula ndi mphuno mpaka adaipeza, adaitsuka, adakaipereka kwa Gologolo popeza ndiye adali mwini wake. Kenaka, mwa chizolowezi, adayamba kutola mabango n'kumawatembenuza.

M'mawa mwake mlandu udalowa pabwalo. Bambo Nyani adabwera atawanyamula pamachira, atagona chafufumimba, mchira atautchinjiriza ndi timitengo.

"Gogo Chalo," adatero akubuula, "kamwana aka kandipha. Ine ndimakaimbira nyimbo, iko kakudziwa kuti katitchera msampha."

"Gologolo, yankha."

Gologolo adaimirira, pensulo ili kukhutu. "Gogo Chalo, ndikupempha Bwana Mlembi andiuze lamulo limene ndaswa. Chingwe changa chinandinyamula. Mpando unandinyamula. Makwerero anandinyamula. Mlatho unandinyamula pamaso pa dziko lonse. Amene anakwerapo asanu ndi atatu sindinawaitane. Ndinafuula kuti anditsitse, onse anamva. Ndipo ngakhale muunjike mlatho wonsewo pamalo panga, mulu wanga sufika ndi m'chiuno mwa mulu wa achimwenewa."

Bambo Khwangwala adafufuza m'buku, adakonza kolala. "Zimene wanenazi n'zoona, Gogo Chalo."

"Chabwino," idatero mfumu. "Mwana wokonda malamulo, timupatse malamulo. Chinthu chako chathyoka. Zidutswa ndi izi. Tilozere pamene chathyokera, utiuze chifukwa."

Gologolo adayandikira mulu wa mabango. Adatola limodzi, adalisiya. Adatola lina, adalinunkhiza.

"Chathyokera paliponse, Gogo Chalo."

"Chifukwa?"

"Chifukwa cha anyani."

"Nguluwe, ndamva kuti dzulo umatola zimenezi. Unaona chiyani?"

Nguluwe adachedwa kuyankha monga mwa masiku onse. Kenaka adasolola kachingwe m'mulumo. "Chinayamba ndi ichi, Gogo Chalo. Mfundo inapulumuka pa nsanamira yachiwiri. Nsanamirayo inangobayidwa pamchenga, ndiye itamasuka inapendeka, poti panalibe chopingasa. Itapendeka, kulemera konse kunapita pa bango ili, ndipo linathyokera apa pamene analiboola kuti apachikepo duwa."

Mfumu idatembenukira kwa mphunzitsi. "A Nantchengwa, ine maso anga ndi ofooka, aliyense akudziwa. Anu ndi akuthwa, mumaona nsomba pansi pa madzi. Munadziwa liti kuti mwanayu sadziwa kanthu?"

"Tsiku la chingwe, Gogo Chalo."

"Ndipo dzulo nditaima pachipata, phazi lili m'mwamba, munali chete?"

Bambo Nantchengwa adavula chipewa. "Ndinali chete, Gogo Chalo. Ndinaopa kuti anthu anena kuti lamulo langa linali ndi bowo."

"Ndiye munasankha kuti bowolo ndilione ine ndili m'madzi. Amene anandipulumutsa dzulo si inu, ndi wabodzayu."

Gogo Chalo adapumira m'mwamba, kenaka adagamula.

"Kapitawo, inu munamva mwini mlatho akukuwa kuti musakwere, ndipo munati n'kudzichepetsa. Mchira wanu ndi mlandu wanu, muziyenda nawo choncho.

"Gologolo, lamulo sunaswe, choncho setifiketi yako yomaliza sukulu sindikulanda. Wasonyeza kuti umadziwa kumangira aliyense wosalemera kuposa iwe. Ukhala mmisiri wamkulu wa amenewo: mbewa, ziwala ndi abuluzi. Woposa pamenepo usadzamumangire ngakhale chopondera. Ndipo poti umakhulupirira zopyapyala, pa mlatho wa Nguluwe usadzapondepo. Uziwoloka pa nsonga za nthambi.

"Ndodo imayezera dziko lonse, kuyambira chiwala mpaka ine. Ipite kwa amene amadziwa pamene zinthu zimathyokera. Nguluwe, tenga ndodo ndi sukulu. Mlembi alembe kuti kuyambira lero, wopanga akayesa ndi thupi lake, chinthucho chiyesedwenso ndi wolemera koposa mwa amene adzachigwiritsa ntchito. Lamulo la mulu wochepa lifafanizidwe.

"Inu a Nantchengwa, zaka zanu ndikuzilemekeza, sindikuchotsani m'dziko. Koma poti munavomereza zinthu zonyamula mwini yekha, inu simudzamanganso chotero. Nyumba yanu, ngakhale mumagonamo awiri ndi akazi anu, muziimanga yoti Kapitawo akwere padenga n'kudumpha osaboola. Ikatha, chaka chinacho muyambe ina."

Bambo Nantchengwa adagwada, adawomba m'manja, adavomera, ndipo madzulo omwewo adayamba kututa mitengo, ntchito imene ana awo sanaimalize mpaka lero. Nguluwe adavomera atachedwa pang'ono. Bambo Nyani adavomera akubuula. Gologolo ndiye adavomera mokweza kuposa onse, adathokoza mfumu chifukwa cha chilungamo chake, ndipo adangopempha kanthu kamodzi: kuti pa setifiketi yake mawu oti Mmisiri Wamkulu alembedwe ndi inki, zilembo zikuluzikulu, koma za mbewa ndi ziwalazo zilembedwe m'munsi ndi pensulo. Bambo Khwangwala adatembenuza masamba onse a buku, sadapeze lamulo loletsa, ndipo adalemba momwemo.